Agogo Atopa

Maganizo ochoka ku Malawi anandibwerera pamsewu, pa Linthipe, tsiku limene ndinaona mayi anga atasenza thumba la mbatata ya kachewere akuthamangira minibasi imene sinaime n'komwe. Ine ndinali mphunzitsi wa kupulayimale, wa satifiketi yake, koma ngakhale wilibala sindikanatha kuwagulira. Atatula thumba lija anandipeza ndikuwayang'ana ndi maso achisoni, ndipo anaseka. "Usandiyang'ane choncho iwe Enelesi," anatero. "Ine sinditopa." Amenewo anali mawu awo a tsiku ndi tsiku. Ankawanena polima, ankawanena pokolola, ankawanena ngakhale mapazi atatupa osalowa m'nsapato.

Mnzanga wina wa kutchalitchi anali atapita kale ku Leicester, ndipo ankalemba kuti ntchito yosamalira okalamba ikusowa anthu. Chaka chisanathe ndinali nditapeza njira. Ndinawauza mayi kuti ndikakhala zaka ziwiri zokha, ndikhome malata pa nyumba yawo, ndibwerere. Sananditsutse. Potsanzikana anangondigwira khutu monga ankachitira ndili mwana, n'kunena kuti, "Pita, koma ili ulisiye kuno." Ndinaseka. Sindinadziwe kuti pa zonse, chimene andipempha n'chokhacho.

Zaka ziwiri zija tsopano zapitirira makumi awiri. Ndimakhala m'kanyumba ka lendi chakufupi ndi Evington Road, ndipo ndimakwera basi kupita ku Wigston kumene kuli nyumba ya okalamba imene ndimagwirako ntchito. Ndasambitsa amayi a anthu ena osawerengeka. Ndawapesa, ndawadyetsa ndi supuni, ndawagwira dzanja pamene ana awo akuchedwa pamsewu. Sindikudandaula, ntchito ndi ntchito. Koma Lamlungu masana, tikaweruka kutchalitchi aliyense n'kulowa m'galimoto yake, ndinkakhala pazenera kuyang'ana kamvula kosatha kaja, ndikudzifunsa kuti nanga anga akuwapesa ndani.

Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Zambia, tinabereka mwana mmodzi, Tadala, kenako bamboyo anapeza wina ku Derby n'kusamukira komweko. Nkhani yake ithere pomwepo. Mapepala a chilolezo chokhalira kuno anandimanga miyendo zaka khumi, osatha kutuluka m'dziko muno, ndipo mapepalawo atatuluka ndinapita kumudzi kawiri kokha. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Malata anakhomedwa, mankhwala a shuga ankagulidwa. Amene ankayendetsa zonsezo ndi achimwene anga a Yotamu, amene anatsala pakhomo ndi mayi. Ndi munthu wabwino, wa mawu ochepa. Koma foni yawo ikalira sindinkakondwa, chifukwa ndinkadziwa kuti sakuimba kuti angomva mawu anga. Lero feteleza, mawa fizi ya mwana, mkuja maliro a munthu amene sindikumukumbuka n'komwe. Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira kuiyang'ana foni ikulira mpaka itasiya yokha, n'kudzaimba ine mawa lake ndikapeza mphamvu.

Za Tadala ndiyenera kunena zoona. Ali wamng'ono ankalankhula Chichewa bwinobwino, mpaka tsiku lina aphunzitsi a kusukulu ya mkaka anandiuza kuti mwanayo akusakaniza zilankhulo, anzake sakumumva. Ndinachita mantha. Ndinati mwana wanga asadzasekedwe monga ankandisekera ine kuntchito, ndiye m'nyumba tinayamba Chingerezi chokhachokha. Chichewa chinatsala cha "idya", "kagone", "tseka chitseko", ndi chokalipira ndikapsa mtima. Akamalankhula ndi agogo ake pafoni, ine ndinkaima kumbuyo kwake ndikumunong'oneza zoyankha. "Ndili bwino, kaya inu agogo? Sukulu ikuyenda." Mayi ankakondwa kwambiri. Ankauza mudzi wonse kuti mdzukulu wawo wa ku Ingalande amatafuna Chichewa ngati wobadwira pa Linthipe, ndipo ine sindinawatsutsepo.

Amene ankadziwa zoona ndi mkulu wina wachimwenye wobadwira ku Limbe, amene ali ndi golosale kufupi ndi kwathu. Tsiku lina anamufunsa Tadala kanthu m'Chichewa, mwanayo n'kungoti kakasi. Mkuluyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. "Mayi, ine ndinachoka ku Malawi inu mukadali kumsana, koma Chichewa changa ndikadali nacho. Uyu mwamumana bwanji?" Ndinalipira ufa wanga n'kutuluka ndikung'ung'udza kuti anthu ena sadziwa kusamala zawo.

Kuntchito ndili ndi mnzanga wapamtima, Lorna, wa ku Philippines. Tagwira shifiti limodzi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo nayenso amatumiza kwawo ngati ine. Chaka chatha ananditengera pambali nthawi ya tiyi. Anati akupita kwawo ku chilumba cha Palawan, ndipite naye, pogona ndi chakudya n'za kwa mchemwali wake, ine ndingolipira ndege. Anati kwawoko kuli nkhalango yotetezedwa kumene mtsinje umayenda pansi pa phiri, ndipo anthu amalowamo pa bwato. "Iwe unayamba wapitako kwina kulikonse kumene sakukudikira ndi mavuto?" anandifunsa. Sabata yomweyo ndinabuka ndege.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi ndisanawaone mayi. Koma kupita kumudzi si tchuthi. Umanyamula masutikesi a mudzi wonse, umakhala pakhonde kuyambira m'mawa kumva madandaulo, umabwerako ngati nkhuku yososola. Ndinafuna kamodzi kokha m'moyo wanga kukhala mlendo wamba, woti palibe amene akumufuna kanthu. Ndinadziuza kuti kumudzi ndipita pa Khrisimasi. Ndipo chifukwa ndinali ndi manyazi, kumudziko sindinauze aliyense za ulendowu. Tadala, amene anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinamusiya kwa mayi wina wa kutchalitchi ku Evington chifukwa anali ndi mayeso.

Tili m'basi yopita ku bwalo la ndege ku London, foni inalira. A Yotamu. Ndinaiyang'ana mpaka inasiya. Inaliranso kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Ndinaopa kuti ndikayankha amva phokoso la basi n'kundifunsa kumene ndikupita. Kenako kunabwera uthenga wa mawu, wautali mphindi ziwiri. Sindinautsegule, chifukwa ukatsegula timizere ta pa uthengawo timasintha mtundu, mwini wake n'kudziwa kuti wamva. Patapita kanthawi kunabwera uthenga wolemba wochokera kwa Tadala, m'Chingerezi monga mwa masiku onse: "Uncle called. He says agogo is tired."

Liwu lomalizalo m'Chingerezi ndi la munthu amene wayenda mtunda, wofuna tiyi ndi pokhala. Ndinamuonetsa Lorna, tinaseka. "Ndani sanatope?" ndinatero. Ndinamulembera Tadala kuti awauze ankolo ake kuti ndamva, n'kuiponya foni m'chikwama. A Yotamu sanaimbenso, ine n'kumati ndiye kuti sizinali zazikulu.

Ku Palawan kunali kotentha ngati ku Chikwawa, koma kobiriwira paliponse. Abale a Lorna anandilandira ngati wawo, ankandidyetsa nsomba ndi mpunga katatu patsiku, ndipo palibe amene ananditengera kuseri kuti tikambirane kankhani. Ndinagona tulo tosalota. Lorna ankajambula chilichonse n'kumaika pa tsamba lake la mchezo, dzina langa n'kumalilemba m'munsi. Sindinaganize kuti ana a achimwene nawo ali ndi mafoni.

Tsiku lachitatu tinanyamuka m'mamawa pa minibasi kupita ku doko la Sabang, msewu wokhotakhota wodutsa m'mapiri. Kumeneko anativeka majekete oyandamitsa pamadzi n'kutikweza boti la injini lokhala ndi nsungwi mbali zonse kuti lisatembenuzike. Netiweki inathera panyanja. Tinakatsika pagombe lina pamene nkhalango imafika m'madzi mwenimweni. Panali apusi osaopa munthu, ndipo anatichenjeza kuti tisaonetse jumbo chifukwa amakwatula. Mmodzi anakwatuladi ya mzungu wina n'kukakhala nayo mumtengo, kumaisanthula ngati wapolisi wa pamsewu. Ng'azi zazikulu kuposa za kudambo kwathu zinkayenda mwachifatse pakati pa anthu zikutulutsa lilime, ngati eni malo. Tsiku limenelo ndinaseka kuposa chaka chonse.

Anatipatsa zisoti zolimba ndi tizida toika m'khutu tofotokoza zimene tikuona, n'kutikweza kabwato ka anthu asanu ndi atatu, kopalasa ndi nkhafi. Wopalasa anali bambo wachikulire wa tochi pamphumi. Anatiuza zinthu ziwiri: tisalankhule mokweza chifukwa mileme imasokonezeka, ndipo tikamayang'ana kumwamba titseke pakamwa chifukwa chimene chimagwa kumeneko si madzi okha. Anthu anaseka. Kenako phiri linatimeza.

M'katimo munali mozizira, mukununkha mileme. Tochi ikaunika, miyala inkalendewera kuchokera kudenga ngati makandulo osungunuka, ina itaima m'magulu ngati anthu ali m'pemphero. Timbalame tonga anamzeze tinkadutsa pafupi ndi makutu athu tikulira mumdima. Kachida ka m'khutu kankati mwala uwu ndi wonga chimanga, uwu ndi wonga bowa, ine n'kumavomera ndi mutu. Titafika pamalo ena aakulu ngati tchalitchi, wopalasa uja anaimika nkhafi n'kuzimitsa tochi kuti tione mdima weniweni.

Sindinaonepo mdima wotero. Dzanja lako lomwe sungalione. Kunali zii, kungomveka madzi akudontha. Ndinachotsa kachida kaja m'khutu. Ndipo m'bata limenelo mutu wanga, umene unakhala zaka makumi awiri ukutembenuza Chichewa kupita m'Chingerezi, unachita zimene sunachite m'basi muja. Unatenga uthenga wa Tadala n'kuubwezera kumene unachokera. A Yotamu salankhula Chingerezi. Ndiye kuti mwanayo anamuuza m'Chichewa. Nanga anati chiyani? Anati, "Uwauze amayi ako kuti agogo atopa."

Atopa.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinalimva koyamba liwu limenelo likunenedwa motero. Mayi anatuluka m'wodi ya amuna kuchipatala, anandipeza pakapinga ndi basiketi ya chakudya, anati, "Bwerera nayo. Ukawauze amalume ako kuti abambo atopa." Mawa lake tinali pa maliro. Kwathu munthu akadali kupuma sitinena kuti akufa, kutero kuli ngati kumulodza. Timati watopa. Ndi uthenga woti amene ali kumunda aponye khasu, amene ali kutali akwere chilichonse choyenda. Ndipo apa amene ankanenedwa anali mayi anga, aja oti satopa.

Ndinafuna kuimirira, bwato linagwedezeka, Lorna anandikoka jekete. "Khala pansi, utigwetsa." Ndinamunong'oneza kuti ndikufuna kutuluka. Anaganiza kuti ndikuopa mdima, anandigwira dzanja, anati tatsala pang'ono. Ndikanatulukira kuti? Kumanja mwala, kumanzere mwala, pansi madzi akuda, pamwamba phiri lonse. Ndinapisa m'chikwama, ndinaipeza foni, ndinatsegula uthenga wa mawu uja n'kuukanikiza pakhutu, pansi pa chisoti.

"Achemwali, ndi ine. Ndaimba, mwina muli pantchito. Mayi tabwera nawo kuchipatala, anagwa pakhomo Lachiwiri. Adokotala ayesetsa. Koma atopa, achemwali. Ngati n'kotheka musachedwe." Kenako kunamveka phokoso la nsalu, a Yotamu akuti, "Lankhulani mayi, akamva." Ndiye mawu aang'ono, ngati a mwana: "Enelesi, ndine. Tsitsili lamangana. Bwera udzandipese."

Uthengawo unali utakhala m'chikwama changa masiku asanu. Ukanakhala kuti ndinautsegula m'basi muja, ndikanatsika pa bwalo la ndege lomwelo n'kukwera ina, mawa lake ndili pa Dedza. Tochi inayaka, wopalasa anatembenuza bwato mosafulumira n'kupitiriza kutionetsa miyala. Anthu ankadabwa mokondwa. Ine ndinkalira nditatseka pakamwa monga anatiuzira, chifukwa cha mileme.

Titatuluka panalibe netiweki. Boti lathu linali ndi nambala yake, ndipo tinayenera kudikira kuti aitane nambalayo. Ndinamufotokozera Lorna, anathamanga uku ndi uku kuchonderera, koma boti silidumpha mzere. Ndinakhala pamchenga pafupifupi ola lathunthu, foni m'manja, apusi akundizungulira kuona ngati ndili ndi kodya. Sindinayambe ndadziona wopanda ntchito ngati pa nthawi imeneyo. Ine amene ndimadziwa kutembenuza wodwala, kumunyowetsa milomo, kumuyalira bwino, ndinali pagombe la eni nditavala jekete lofiira ngati chidole.

Netiweki inabwerera tili pakati pa nyanja. Ndinaimba.

"Achimwene, ndi ine."

"Mwaimba."

"Mayi ali bwanji?"

"Akupuma. Kulankhula anasiya dzulo masana."

"Ndikubwera, achimwene. Ndikunyamuka lero lomwe."

"Mwana anatiuza kuti mwamva. Ife timati muli m'ndege." Kenako anawonjezera kuti, "Zithunzi ana atationetsa, ndinaona kuti palibe choimbiranso."

Mawu awo sanali aukali, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Ndinawapempha kuti awaike foni pakhutu. Ndinakuwa pamwamba pa phokoso la injini kuti mayi ndine, ndikubwera, mundidikire. Ndinkangomva mpweya ukulowa ndi kutuluka, ndipo sindidziwa ngati unali wawo kapena wa mphepo.

Madzulo ake kunagwa chimvula cha mphepo, ndege za pachilumba zinaimitsidwa. Zitayamba kuyenda, ndinakatsakamira ku Manila ndikusaka mpando. Ndili chikhalire pansi pa bwalo la ndege kumeneko, msana nditatsamira sutikesi, kunabwera uthenga wa mawu awiri: "Mayi atisiya." Ndinamuimbira Tadala. Analira kwambiri, n'kundifunsa kuti zatheka bwanji popanda wina kutiuza kuti akudwala. Ndinamuuza kuti zachitika mwadzidzidzi.

Kumudzi anandidikira masiku awiri. Koma adzukulu anali atakumba kale manda, anthu anali atagona panja mokwanira, ndipo ine ndinali ndikadali m'mlengalenga pakati pa mayiko. Anaika maliro Loweruka, ine n'kufika Lamlungu. M'sutikesi mwanga munali zovala zosambira, mango ouma ndi timphatso ta anzanga a kuntchito. Ngakhale chitenje ndinalibe. Ndinachita kugula ku depoti ku Lilongwe, n'kuchimanga pamwamba pa buluku la tchuthi ndili m'minibasi.

Chinthu choyamba chimene ndinaona ndikutsika kamtunda ka kwathu ndi malata aja, akung'anima padzuwa. Ndinayamba kulira kuyambira pamenepo. Amayi anandilandira monga mwa mwambo, anandigwira m'mapewa, anandiperekeza kumanda. Palibe amene anandinyoza. Koma titabwerako, mphasa imene ndinakhalapo inakhala ya ine ndekha, ndipo kuseri kwa nkhokwe ndinamva mtsikana wina akuuza mnzake kuti, "Ndi aja a pachithunzi."

Tsiku lomwelo achibale anakhala pansi kukamba za kusesa. Zokamba zitatha, mayi anga aang'ono, amene anabadwa motsatana ndi mayi, anandiyang'ana n'kufunsa mofatsa, aliyense akumva.

"Enelesi, uthenga unakupeza?"

Yankho linali pa lilime. Ndikanatha kunena kuti unandipeza utasweka, kuti unadutsa mwa mwana amene sadziwa kuti liwu limodzi limakhala ndi zitseko ziwiri. Akanandimvetsa. Koma ndinadziwa mudzi wanga. Dzinalo likanamumatirira Tadala moyo wake wonse: mwana uja anasokoneza uthenga wa agogo ake. Likanayenda pa mafoni mpaka kukamupeza ku Leicester. Ndipo mlandu wake unali uti? Anapereka chimene ndinamuphunzitsa. Amene anamumana Chichewa ndine, amene ankanong'oneza kumbuyo kwake ndine, amene anaiyang'ana foni ikulira kanayi ndine.

"Unandipeza, mayi," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana kumbali. Nkhani inathera pomwepo.

Amene anandiuza zotsala ndi alamu anga, akazi a a Yotamu, tikutsuka mbale mawa lake. Sanafune kundipweteka, ankangofotokoza. Anati mayi atamva kuti foni sindikuyankha anada nkhawa, koma atawauza kuti uthenga walandira Tadala, nkhope yawo inamasuka. Anati, "Ndiye wafika. Mwana uja amamva bwino Chichewa." Anapempha kuti awatembenuze ayang'ane kukhomo la wodi. Alamu atatenga chipeso, mayi anakana ndi dzanja, anati musiye, adzandipesa Enelesi. Anakana choncho masiku atatu, mpaka pamene sankathanso kukana. Za zithunzi a Yotamu analetsa aliyense kuwauza. Mpaka kumapeto ankawanong'oneza kuti ndege yachedwa.

Ndinamvanso zina zimene pafoni sizinkanenedwa. Miyezi yonse imene miyendo ya mayi inakana, anali a Yotamu amene ankawanyamula kupita nawo padzuwa m'mawa ndi kuwabwezera m'nyumba madzulo. Anali alamu amene ankawasambitsa. Ine ndinkaganiza kuti kwathu kumangodziwa kupempha. Sindinkadziwa kuti pa chinthu chimodzi chimene ankandiuza, panali khumi zimene ankandibisira kuti ndigwire ntchito ndi mtima umodzi.

Tsiku lachinayi masana ndinali pakhonde, a Yotamu ali poteropo akumata chubu cha njinga. Chifikire tinali tisanalankhulane zoposa moni. Foni inalira, Tadala. Netiweki ya kwathu imafuna kuti foni uikweze m'mwamba, ndiye ndinaiika pa sipika. Anandifunsa ngati ndikudya, ndinati ndikudya. Kenako anafunsa ngati ankolo ali pafupi. Ndisanayankhe, anayamba kulankhula nawo m'Chichewa chake chothyokathyoka, ndi ukali wa mwana amene walira masiku ambiri.

"Ankolo, why simunanene kuti agogo akudwala? Inu munangoti atopa. Atopa basi. Ine ndinaganiza kuti ndi kumunda. Mukananena, amama akanabwera."

Manja a a Yotamu anaima. Anayang'ana foni, kenako anandiyang'ana ine. Ndinaona zonse zikulowa m'malo mwake pankhope pawo, chimodzi ndi chimodzi. Ndinangopukusa mutu, misozi ikutsika, ndikuwapempha ndi maso. Anapukuta manja pabuluku, anabwera n'kutenga foni ija mosamala ngati dzira.

"Tadala, ukundimva? Ndilankhula pang'onopang'ono. Amene analakwitsa ndine. Sindinanene bwino. Iwe uthenga unapereka monga ndinakupatsira. Wamva?"

"Ndamva, ankolo."

"Agogo ako ankakunyadira kwambiri. Ulimbike sukulu."

Foni itaduka, a Yotamu anandibwezera. Nkhuku zinkapalasa pabwalo.

"Bwanji simunanene tsiku lija pamaso pa anthu?" anafunsa.

"Ndikanamutchula mwana?"

Anavomera ndi mutu. Kenako anati, osandiyang'ana, "Koma foni ija ndinaimba kanayi."

"Ndinaiona, achimwene."

Sanandiuze kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo, ndipo ndinawalemekeza chifukwa chosandinamiza. Analowa m'nyumba ya mayi, anatuluka ndi chipeso chawo chamtengo, cha mano atatu othyoka, chikadali ndi timaimvi pakati. Anachiika pamiyendo panga n'kubwerera ku chubu chawo.

Ndinabwerera ku Leicester patatha sabata ziwiri. Kumudzi mpaka lero ndine uja anamva kuti mayi ake atopa n'kupita kukaona apusi, ndipo ife awiri amene tikudziwa zoona sitidzakonza. Lorna anachotsa zithunzi zonse, anapepesa mpaka ndinachita kumuletsa. Za mtsinje uja anzanga akandifunsa ndimati n'kokongola, chifukwa n'kokongoladi. Foni ya a Yotamu tsopano ndimayankha isanamalize kulira koyamba, koma saimba kawirikawiri. Chipeso chija chimakhala m'thumba la yunifolomu. M'mawa uliwonse ku Wigston ndimapesa amayi a anthu ena ndi zipeso zawo, changa chili chete m'thumba.

Tadala wayamba kuphunzira Chichewa payekha. Amakaima kugolosale kuja kucheza ndi mkulu wa ku Limbe, amabwera ndi mawu atsopano n'kumandiyesa. Tsiku lina adzakumana nalo liwu lija, mwina pa maliro, mwina pakamwa pa mkulu yemweyo, ndipo adzawerengera yekha m'mbuyo. Sindingathe kuletsa zimenezo, ndipo sindikudziwa chimene ndidzamuuze. Pakadali pano, ndikabwera kushifiti n'kudziponya pampando nsapato ndisanavule, amatuluka kukhitchini ndi kapu ya tiyi, n'kundifunsa monyadira Chichewa chake.

"Amama, mwatopa?"

Ndimalandira kapuyo ndi manja awiri.

"Ayi mwanangu," ndimatero. "Ine sinditopa."